Wosoka Mabuku Awerenga Mndandanda

Aupachika ndi mapini anayi pakhomo la laibulale,
mndandanda wa mabuku makumi atatu
opambana onse m'zaka makumi atatu zapitazi.
Kunja chifunga cha Juni chakwirira Katoto,
akabaza akupalasa atakweza makolala,
ine ndaima, singano pakamwa, ulusi m'thumba,
kuwerenga kuchokera pansi kupita pamwamba
monga timawerengera zotsatira za mayeso
tikadziwa kuti mwana wathu sali m'gulu la oyamba.

Oweruza anali asanu, akutero.
Anakhala masiku atatu m'chipinda chofunda,
madzi a m'botolo patsogolo pawo.
Sindikuwanyoza. Kuwerenga ndi ntchito,
ndipo kusankha n'kudziputira adani.

Koma nambala wani ndimalidziwa.
Lili pa shelefu yachitatu, pafupi ndi zenera,
msana uli nji ngati wa mkwati pa chithunzi,
masamba akununkhirabe sitolo.
Chidindo chakumbuyo chikuti linatuluka kawiri:
koyamba ndi mphunzitsi wa ku Luwinga
amene analibweza mawa lake,
kachiwiri ndi ine, kuti lisachite manyazi.
N'kutheka n'lokomadi. Mwina tachepa ndife.

Nambala twente-seveni ndalisoka kanayi.
Chikuto ndinachita kudula ndekha pa katoni ya sopo.
Pa tsamba la makumi asanu pali dontho la kandulo,
patsogolo pang'ono chala cha mafuta a mandasi,
ndipo pamene mayi uja amatsekera mwana wake chitseko
pepala linanyowa n'kuuma mokwinyika.
Sindinafunse ngati inali mvula ya ku Zolozolo
kapena madzi ena.
Ndinapezamo tikiti ya basi ya ku Karonga,
tsiku lina khadi la kusikelo,
tsiku lina tsamba la bulugama
posonyeza pomwe wina analekezera, osabwererakonso.

Nyaluhanga, wokolopa, wandipeza ndili chiimire.
Akuti, "A Mzumara, lathu lija lilipo?"
Akunena lopanda dzina lija,
lomwe masamba ake oyamba anadyedwa ndi chiswe ku Masasa,
lomwe anawerengera mwamuna wake m'chipatala
masiku khumi ndi limodzi, usiku, motsitsa mawu
kuopa kudzutsa a pabedi loyandikana,
mpaka nawonso anayamba kufunsa kuti, "Kenako?"
Mwamunayo anatisiya kutatsala mitu iwiri.
Iye sanalimalize mpaka lero.
Ndamuyankha kuti palibe.
Wagwedeza mutu n'kupitiriza kukolopa
ngati wangomva kuti shuga wakweranso.

Ndikanakhala woweruza, ndikanatani?
Ndikanabwereka sikelo kumsika,
n'kuyeza buku lililonse lisanatuluke
ndi kuliyezanso likabwerako,
poti thukuta la m'manja nalo lili ndi magalamu ake.
Komatu ndikudzinamiza.
Lilipo lina long'ambika kuposa onse,
anyamata a fomu thu amalimbirana
chifukwa cha masamba atatu okha,
ndipo kuliika pamwamba ndikanazyolika.
Kutha kwa chikuto si umboni wokwanira.
Kuyera kwa masamba nakonso si mlandu.

Choncho mndandanda ndausiya pomwepo.
Pini imodzi inali itagwedera, ndaikhomereranso.
Ndabwerera ku tebulo langa kuseri.
Guluu wauma m'kachitini ndi kuzizira,
ndamuthira madzi otentha a m'fulasiki.
Twente-seveni labwera dzulo, msana utakanganukanso.
Ulusi woyera watha, ndisoka ndi wakuda.

Nambala wani ndalitenga, lili m'jekete.
Usiku uno, magetsi akapanda kuzima ku Chiputula,
ndiliyamba, ndione chomwe asanu aja anaona.
Likandigwira mtima ndipinda ngodya ya tsamba limodzi,
ine yemwe ndimakalipira ana
pa mlandu womwewo.